Telala ku Bua

Ntchentche iyi ndinaisoka ndekha
pakhonde la sitolo ya a Bwanali,
pakati pa yunifolomu ya mwana wa sukulu
ndi diresi la ukwati lomwe mwiniwake sanabwere kudzatenga.
Nthenga ziwiri za nkhanga,
ulusi wofiira wotsala pa mpendero,
kambedza kochepa ngati chikhadabo cha khanda.
Zaka makumi atatu ndikuveka anthu,
lero ndaveka bodza.

Tinalowa m'nkhalango mame asanaume,
Jafali patsogolo, mfuti paphewa.
Sayankhula, amaloza ndi mlomo:
apa njovu yathyola msuku,
ndowe zake zikufukabe nthunzi;
apo anyani akhala pabwalo, akutizenga mlandu.
Kashembe anandiboola malaya kumsana,
singano yake yoposa zanga zonse,
ndipo sanayambe wanditenga muyezo.

Miyendo yanga imadziwa chopondera cha makina basi.
Pa chitunda chachitatu inayamba kundinena.
Phiri la Chipata linali uko, litafunda mtambo,
ukaliyandikira likusendera kutali
ngati kasitomala wa ngongole.

Kenako Bua.
Ndinamumva ndisanamuone,
akung'amba nsalu pamiyala,
nsalu imodzi yomweyo, yosafika kumapeto.

"Musapitirire mwala uwo."
Mawu oyamba a Jafali chichokereni pageti.
Pamchenga wa tsidya lija
panagona chipika chokhala ndi maso.

Ndinaponya. Chingwe chinakola mkuyu kumbuyo kwanga.
Ndinaponyanso, chinandivula chipewa.
Nantchengwa anandiyang'ana cham'mbali
nasamukira pathanthwe lina.
Dzuwa lili paliwombo ndi pamene dzanja linakumbukira
kuti ulusi saukakamiza,
umaudikira utambasuke wokha,
ndipo chingwe chinagona pamadzi
ngati msoko wa tsiku limene mtima uli m'malo.

Mpasa suchita odi.
Ndodo inapindika, phewa linalira,
chinthu chowala chinatumphuka m'mwamba
n'kumwaza mtsinje m'maso mwanga.
Unathamangira kumtunda,
komwe unali kupita kale
ndisanauimitse panjira ndi nthenga zanga.
Ine kukoka, iwo kukana,
ine kumasula, iwo kuganiza,
mpaka tonse tinatopa ngati abale okangana pamaliro.

Ndinaugwirira m'madzi momwemo, manja onse awiri.
Kutalika kwake: chigongono mpaka nsonga ya chala,
kuwonjezapo chikhatho chimodzi.
Telala sanama pa muyezo.
Ndinafunafuna m'mamba ake
pomwe mmisiri anamangira mfundo yomaliza,
osapapeza.

Kumbuyo kwanga Jafali anameza malovu. Ndinamva.
"Bambo anga ankatchera mono pomwe mwaimapo.
Anamangidwa kawiri.
Fizi yanga ya Fomu Thu inachokera m'dziwe ili."
Lamulo akulidziwa, ndi iye amalinyamula paphewa.
Anatembenuka n'kuyang'ana mitengo
pamene ndinkachotsa mbedza pamlomo.

Mpasa unakhala kaye m'manja mwanga otsegula,
ukupuma, wosakhulupirira.
Kenako mchira unandimenya padzanja kamodzi
ndipo madzi anatseka pamwamba pake
opanda chigamba.

Pobwerera sindinawerenge zitunda.
Jafali ananditolera nthenga ya nkhanga m'njira,
anaipukuta pa buluku, nandipatsa osandiyang'ana.

Kunyumba Asiyatu anasuzumira m'thumba,
anasuzumira m'maso mwanga:
"Tsiku lathunthu, bambo inu, ndiwo zili kuti?"
Ndinatulutsa usipa wogula pamsika wa paboma.
Anaseka mpaka kukhala pansi.

Ntchentche ija ilipo, yotafunidwa, nthenga imodzi,
ndinaibaya pakatsamiro ka mapini.
Makasitomala amafunsa kuti n'chiyani.
Ndimati, tukulani manja,
pumirani m'kati, ndikuyezeni m'chiuno.