Penti Woyera ku Ulongwe

Lolemba m'mawa anandiitanitsa ku kachipatala
ka kuseri kwa msika wa kachewere,
akuti ndibwere ndi makwerero ndi penti woyera.
Chikwangwani chimenecho ndinachilemba ndekha
chaka chomwe Gilidu wanga ankamera mano:
mbendera ya dziko lalikulu la kutsidya kwa nyanja,
m'munsi mwake mawu oti mphatso ya abwenzi.
Lero Gilidu yemweyo ndiye wandigwirira makwerero.

Sitinayambane nawo.
Wailesi inangoti kwawoko agwirizana zotseka chipata,
atopa kudyetsa ana a eni
pamene denga lawo likudontha.
Munthu wofolera nyumba yake ungamuletse bwanji?
Komabe akanatsanzika.
Magalimoto oyera aja ananyamuka tonse tili m'tulo,
nasiya madontho a oyilo pasimenti
ndi firiji ya katemera ikung'ung'udza yokha
kufikira jenereta itamwa dontho lomaliza.

Namwino Felizimina tsopano amawerenga mapiritsi
ngati mayi wopatula mbewu m'chaka cha njala.
Wolandira a miyezi itatu akupatsidwa a masabata awiri,
ndipo wochokera ku Domwe
amagulitsa nkhuku kuti akwere shapa.

Penti woyera sabisa msanga.
Ndapaka kamodzi, mbendera ikusuzumirabe.
Ndapaka kawiri, yatsala ngati chipsera cha moto.

Lachinayi kunafika ena,
aja takhala tikuwaona ku Moatize
ataima pa sikelo ya malasha, zipewa zolimba kumutu.
Anandipatsa pepala la zilembo zomwe sindinaphunzire;
ndazikopera mzere ndi mzere
monga ndimajambulira mphasa pakhoma la sitolo,
osadziwa ngati ndikulemba moni kapena ngongole.
Za mapiritsi anafunsa pang'ono.
Anafunsitsa za mlatho, kuti ungasenze matani angati,
ndi phiri lija la kumpoto, kuti mwini wake ndani.
Koma anakhoma magalasi a dzuwa padenga
ndipo firiji inayambanso kulira.
Felizimina anati, ine ikamalira
sindifunsa kuti ikulira m'chilankhulo chanji.

Kwathu munthu akasiya munda n'kukadzitsekera m'nyumba,
mnansi sabwera ndi nkhondo.
Amangowonjezera mzere umodzi chaka chino,
wina chaka chamawa,
mpaka mtengo wa malire upezeka pakati pa chimanga chake.
Kodi akuluakulu aja akudziwa zimenezi?
Mwina akuganiza kuti akadzatsegula chipata
adzapeza mpando wawo wa kutsogolo uli chikhalire,
ife titaupukuta fumbi m'mawa uliwonse.
Misonkhano ankatiitanira ku Tete ija,
ya mavoti, ya makhoti, ya ufulu wolankhula,
ya fanta ndi ndalama ya mayendedwe,
mawu ake ayamba kuzilala
ngati wailesi yotha mabatire.
Bwanamkubwa akakwera ndege masiku ano
imalowera kwina.

Madzulo tikutsuka maburashi ndi parafini
Gilidu anandifunsa chilankhulo choti aphunzire
kuti adzapeze ntchito.
Ndinamupatsa mpeni, ndinati pala pakona apo.
Pansi pa zilembo zatsopano panatuluka penti wanga woyera,
pansi pake buluu wa abwenzi aja,
kenako kufiira kwa masiku a nyundo ndi khasu
komwe analemba bambo anga,
ndipo pansi penipeni, pathabwa lofumbwa,
theka la liwu lachipwitikizi.

Thabwalo ndi la mlombwa wa konkuno.
Palibe anandilipirapo kuti ndilembe zimenezo.

Atsopanowa alipira bwino, osatsika mtengo.
Ndagulira Gilidu nsapato za sukulu,
ndagulanso chitini china cha penti woyera
n'kuchiika pansi pa bedi, chotseka bwino.