Fiyuzi

Ndimakonza mawayilesi kuseri kwa msika wa pa boma,
moyang'anizana ndi omata matayala a njinga.
Fungo la waya wopsa ndimalimva ndisanatsegule chivundikiro,
koma wanga atayamba kunyeka
sindinamve kanthu.

Chaka chija mvula inachedwa
ndinatha masiku asanu ndi anayi osaphethira tulo.
Ndinatenga mabatire makatoni atatu pa ngongole,
ndinalonjeza kuwalitsa M'baluku yense,
ndinawoloka mlatho kasanu usiku umodzi
ndikulalikira akabaza za magetsi aulere.
Kenako zii.
Miyezi iwiri chigonere, nkhope kukhoma,
Sakina akubweza phala lozizira,
supuni ikulemera ngati nyundo.

Lachitatu lina kuchipatala
a Mkwanda anatembenuza khadi langa
n'kujambula timizere tonga mizu ya chinangwa.
"Ajibu, bongo nawonso ndi mawaya.
Mphamvu imadutsira pa timakomo ta mchere,
ndipo tanu timatseguka mopupuluma, osapumira.
Mbulu uwu suzimitsa nyumba,
umangogwira chitseko kuti chisamamenyeke ndi mphepo."

Ndinaseka. Ndiye mwandipatsa fiyuzi?
"Fiyuzi imapsa kamodzi, basi.
Uwu mudzamwa ngakhale tsiku limene mwadzuka bwino,
makamaka tsiku limenelo."

Sabata zoyamba ndinkaona pawiri:
sikuluu imodzi, mitu iwiri,
ndipo ndinkalasa mutu umene kulibe.
Nthaka inkapendama ngati benchi lothyoka mwendo.
Zinatha pang'onopang'ono, monga amathera chitupa.

Ndinene zoona, nthawi zina ndimaisowa mphezi ija,
pamene maganizo ankabwera ngati ngumbi pa getsi,
onse onona, onse anga.
Koma ndimakumbukiranso mapiko ake m'mawa,
ndi amene ankasesa.

Pa Ramadhani tinagwirizana ndi a Mkwanda:
umodzi pa daku, wina pa futari.
Mwezi umene kufamase anati atha
ndinagulitsa sipika yanga yaikulu n'kukagula kwa mmwenye.

Dzulo kamnyamata ka ku Mpondasi kanabwera ndi wayilesi
yokuwa mpaka kung'amba, kenako n'kuthima yokha.
Sindinaidule waya.
Ndinaipukuta, ndinaika kachitsulo kamodzi,
ndinapotokola mpaka pakati.
Munthu anayamba kuwerenga mitengo ya nandolo
ndi mawu wamba, osathamanga,
ndipo tonse awiri tinamvetsera mpaka anamaliza.