Katundu wa Twaibu

Anzake pobwerera kuchokera ku Joni
anatsitsa mafiriji pa depoti,
njinga zamoto, malata,
mawayilesi ofuula mpaka kwa Mponda.
Mlongo wanga Twaibu anatsika ndi jumbo imodzi:
buluku, nsapato zodyeka chidendene,
ndi kabotolo ka mayonezi kodzaza timasamba touma.

Amayi ananunkhiza nati, "Ndi mankhwala a chiyani?"
Amalume a Ndembo anaseka mpaka kutsamwa:
"Zaka zisanu ndi chimodzi kutsuka mbale za eni
n'kudzatitutira zinyalala!"
Iye anangoti, "Ndi thaimu."
Mwana wa aneba anathamanga kukaona wotchi.

Lachitatu ndinali nditatereka nyemba,
nyemba zomwe zija, za masiku onse.
Anandilanda chipande osapempha.
Anadikira anyezi afote m'mafuta,
natsina timasamba ndi zala zitatu,
kufikisa m'manja ngati woyambitsa moto,
kuwaza,
kuvundikira.
"Usachulutse," anatero. "Kakachuluka kamalalata."

Fungo linadumpha mpanda.
Silinali la kale, silinali la adyo,
linali ngati thengo la ku Namwera mvula itangokata.
Abiti Sumani anabwera kudzapala moto
pomwe mbaula yawo inali lawilawi.

Za ku Joni sanena.
Ukamufunsa za chipsera cha pakhutu
amayang'ana nkhuku.
Usiku galimoto ikaima pamsewu amadzambatuka.
Koma mufunse za kamtengoka, pakamwa pamatseguka:
akuti kamamera pamiyala,
kamadana ndi kunyengereredwa,
m'nyama ya mbuzi kalowe msanga,
m'chambo kalowe m'mimba ndi ndimu,
m'mazira kungodutsamo ngati moni.

Mbewu anakapempha kwa wolima maluwa ku Nkopola.
Yoyamba inapsa ndi dzuwa la Okutobala.
Yachiwiri ndinaipha ine
ndi chifundo, kuthirira m'mawa ndi madzulo.
Yachitatu ili m'chitini cha penti kuseri kwa bafa,
mumchenga wosakaniza ndi zidutswa za njerwa,
yopyapyala, yamakani,
ngati mwini wake.

Lero ali ndi chiwaya pafupi ndi mlatho.
Akabaza amatsamiritsa njinga pamtengo wa nimu
n'kuima pamzere,
ati kanyenya wa Twaibu ali ndi chizimba.
Iye satsutsa.
Amalume a Ndembo nawo amafika cha m'ma leveni,
kudya pangongole,
kutokosa m'mano,
kufunsa ngati zinyalala zija zilipobe.

Firiji tilibe mpaka pano.
Denga likadali la udzu kuchipinda kwanga.

Kabotolo kaja kanatha kalekale.
Amayi amasungiramo singano ndi mabatani,
koma ndawaonapo kawiri konse,
poyesa kuti palibe akuwaona,
akutsegula popanda chosoka,
kuika mphuno,
n'kutseka msanga
kuti mwana wawo asathawemo.