Pepala la Mbiri ya Mlongo Wanga

Anditumizira pepala kuchokera ku La Paz,
losalala, la mizere yagolide m'mbali,
ati ndi mbiri ya Olemekezeka Remedios Tarqui.
Mdzukulu wanga wandiwerengera kawiri
poti maso anga ndinawasiya kale mumgodi.

Ati: anayamba sukulu ku Potosí.
Mzere umodzi, basi.
Sakutchula chisanu cha mwezi wa Julaye
chimene chinkang'amba zidendene zake mpaka magazi,
ngakhale nkhwayira zija za matayala
zomwe tinkabwerekana, iye m'mawa, ine madzulo.

Ati: anapita ku yunivesite ku Sucre, nachita zamalamulo.
Ngati kuti anangodzuka n'kunyamuka.
Ine ndinali ndisanamere ndevu
pamene ndinalowa m'mimba mwa phiri,
tsaya lili tuu ndi masamba a koka,
nyali pachipumi, fumbi m'mapapo.
Buku lililonse limene anatsegula kumeneko
ndimalidziwa kulemera kwake m'mawilibala a miyala.

Zaka zisanu ndi ziwiri kalaliki kukhoti,
kenaka khansala, kenaka phungu katatu konse,
mpaka unduna woona zamadzi.
Apa pokha pepala lanena zoona, ndisalinamizire.
Mpopi uwo uli pakhomo pangapa.
Mkazi wanga analeka kubereka zigubu kumsana
chaka chomwecho chimene anthu a mumzinda
anatentha chithunzi cha Remedios pabwalo
kukwiyira mtengo wa madzi omwewo.
Ndinamva pawailesi, ndinaizimitsa.
Mwina anali ndi mfundo, sindikudziwa.

Za tsiku limene anachoka, alemba kuti anapuma.
Kupuma kuti?
Anakana kusaina zopereka mtsinje kwa eni migodi,
anzake a chipani anayamba kumuyang'anira kumbali,
lamya yake inangoti zii,
ndipo anafika kuno pa basi ya usiku
ndi chikwama chimodzi, chopanda chogwirira.
Anakhala pampando uwu, natenga mpeni
kuti asende kachewere monga kale.
Manja anali ataiwala. Anadzitema chala.
Ndinaseka, nayenso anaseka,
kenaka anafunditsa nkhope m'chipewa chake
ndipo tonse tinakhala chete mpaka madzi anaphwa mumphika.

Sindinamuwerengerepo zimene ndinalipira.
Iye sanafunsepo. Koma mwezi uliwonse
mankhwala a chifuwa changachi ankafika
m'kabokosi kopanda kalata.

Mawa akukatsegula sukulu m'dzina lake.
Andiitana, ati mpando wanga uli kutsogolo,
koma phuma ili silingalole ulendo wotero.

Kumunsi kwa pepala kwatsala malo oyera
okwana chikhatho cha mwana.
Mdzukulu akuti, Agogo, tilembepo dzina lanu apa?
Wanola kale pensulo.
Ndamuuza kuti alisiye mmene liliri,
apite akamange mpopi uja ndi mphira,
wakhala ukudontha chiyambire Lolemba.