Sabata Yopumitsa Nsapato

Miyezi isanu ndakhala ndikulawirira
kukakwera matanthwe a ku Domboshava
mpaka zikhadabo ziwiri zinada, n'kuthothoka.

Lero a Likongwe, ondiphunzitsa, akuti:
"Makilomita asanu basi, ubwerere."

Asanu?
Miyendo ikunyerenyetsa.
Ndakhala pakhonde ku Mufakose
kuwerenga makombi,
bondo likundinamiza kuti likupweteka.
Tiyanjane akuseka:
"Mukuzungulira nyumba ngati mbuzi yapachingwe."

Ku Mukuvisi mame agwa m'kanjira kanga,
wina wawasasa.

Loweruka ndi makilomita makumi asanu ndi atatu.
Nyonga ndaitunga ngati madzi mumgolo
tsiku lija mipope inatulutsa.
Osamwa, osasamba.
Usiku ndimangodzuka, kuvundukula,
kusuzumira ngati akadalimo.