Kuyanika Makalata ku Makhanga

Madzi a Ruo ataphwa
tinatsegula sutikesi ya malume Alufandika.
Matope mpaka m'matumba.

Ndayala zonse pamphasa, kamwala pa pepala lililonse:
malisiti a thonje a ku Ngabu,
khadi la kusikelo la mwana amene sanakule,
tikiti ya sitima ya ku Bangula
njanji isanakokoloke.

Makalata a ku Beira amatirirana.
Ndikamatula imodzi, mawu akutsalira pa inzake.
Inki yathawa,
yangosiya "Wokondedwa Nsayi"
ndi "mapira akacha."

Pachithunzi cha ukwati
nkhope zonse zapita ndi madzi.
Zatsala nsapato ziwiri zobwereka.
Mayi aziyang'anitsitsa, apukuta chala pachitenje.
"Ndi iyeyu," akutero.
"Zinkamukulira. Tinaikamo nyuzipepala."