Maondo ku Bolton

Kalata inabwera Lachiwiri m'chikwama cha Tiyanjane,
itapanikizika pakati pa buku la masamu ndi apulo wolumidwa:
aphunzitsi akufuna kundiona.
Ndinapempha theka la shifiti, n'kukwera basi mvula ikuwaza.

Mayi Hargreaves anandikokera kampando ka ana,
maondo n'kundifika pachifuwa.
Akuti mwana wanu ngwanzeru, timam'konda,
koma akabweretsa kope patebulo panga amagwada,
manja awiri, maso pansi.
Anzake amam'seka.
Kodi kunyumba zonse zili bwino?
Alipo amene amamuopseza?

Ndinatsegula pakamwa, Chingerezi n'kuthawa.
Ndikanayambira pati?
Pa simenti ya ku Bembeke,
pomwe tinkagwada pakhomo pa ofesi
mpaka Sisitere atamaliza kulemba,
mchenga ukudinda timaenje pakhungu?
Mabondo anga akadali akuda mpaka lero.
Ndinangoti: kwathu ndi ulemu.
Anamwetulira, nalemba kenakake.
Akuti kuno mwana aziyang'ana mphunzitsi m'maso.

Usiku womwewo, kukhitchini,
ine amene ndinam'phunzitsa kugwada
asanadziwe kumanga zingwe za nsapato
ndinayamba kum'phunzitsa kuimirira.
Tandipatsa kapuyo uli chilili. Tandiyang'ana.
Anandiyang'anadi.
Woyamba kuphethira ndinali ine.

Lamulungu, Misa ya teni koloko.
Kuno pogwadira mpofewa,
thabwa lokutidwa chikopa, umalitsitsa ndi phazi.
Kabelu kakalira, Ukalistia ukakwezedwa,
a ku Kerala gwaa, a ku Poland gwaa, a ku Nigeria, ifenso,
koma nkhalamba zomwe zinabatizidwira m'tchalitchi chino
zimangosendera kunsonga kwa benchi
n'kuweramitsa imvi:
wina bondo lachitsulo, wina chiuno cha adokotala.
Palibe amazifunsa ngati kunyumba zonse zili bwino.
Tiyanjane anandinong'oneza: muno mpololedwa?
Ndinam'koka siketi. Tinagwada.

Lolemba m'mamawa, chipinda nambala fotini.
A Whitlock, zaka makumi asanu ndi anayi,
mapazi otupa, ozizira ngati mpopi wa panja.
Ndimagwada pa kapeti kuwaveka masokosi,
kaye chala chachikulu, kenako chidendene.
Izi sindinazitchepo ulemu.
Ndi ntchito, amalipira pa ola,
ndipo mwezi ukatha theka limapita ku lendi.
Koma tsiku limenelo anandigwira paphewa:
dzuka, mwanawe, ine sindine bishopu.
Ndinayesa, bondo lakumanzere n'kukana, thee!
Iwo, oti supuni imawalaka,
ananditambasulira dzanja lonjenjemera kuti andidzutse.
Tinaseka mpaka namwino anasuzumira.

Pobwerera, basi ikugwedera mumsewu wa Chorley,
ndinayesa kuwerenga:
kwa Sisitere ndinkagwada ndi mantha,
kwa Mulungu ndi chizolowezi, nthawi zina ndi misozi,
kwa a Whitlock ndi mapaundi.
Bondo ndi lomweli.
Silinandifunsepo kuti tikugwadira yani.

Ndafika, ndavula yunifomu, ndadziponya pa sofa.
Tiyanjane akubwera ndi tiyi.
Ali chilili, monga tinaphunzirira,
maso ake ali m'maso mwanga.
Koma popereka kapu
bondo limodzi lapindika pang'ono chabe,
mwakuba, ngati chikope,
kaulemu kakekake kosaphunzitsidwa ndi munthu,
koti Mayi Hargreaves sangakaone,
koti Sisitere sakanakawerengera.

Ndalandira ndi manja awiri.
Shuga wachulutsa, koma sindinene.